Miyala ya Sikelo Siikwechedwa

Galimoto ya boma ikaima pakhomo m'mawa, munthu wanzeru amayamba wadzifunsa chimene walakwa, ngakhale akudziwa kuti kukhola kwake kulibe nkhuku ya mwini. Ndi mmene anachitira Mama Lugano Lolemba lija, ataona galimoto yoyera ikulowa pageti la fakitale ya tiyi, matope a msewu wa ku Tukuyu atafika m'magalasi. Anaimika tsache, napukuta manja pansalu yawo. M'galimotomo munatsika mayi wamfupi wa mpango wakuda kumutu, atanyamula kabokosi mosamala ngati muli mazira.

"Ndi wa miyeso uja, woyendera masikelo," anatero Sekela, kapitawo wa chipinda chopakira tiyi, akudutsa ndi mtolo wa mapaketi pachifuwa. "Bi Mwanaidi. Chaka chatha anatiimika tsiku lonse osamwa ndi madzi omwe. Nanga mwatuwa bwanji, Mama? Mwaba chiyani?"

"Pakamwa pakopo padzakupachika, mwana iwe."

"Padzandipachika nditakhuta," anatero Sekela, napita akuseka.

Mama Lugano anali atasesa m'fakitalemo zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo zala zawo zinali zonse khumi chifukwa ankadziwa kuopa. Lamba wa makina suumuyandikira ndi nsalu yolendewera. Paipi ikayamba kuliza mluzu umalambalala. Waya wogwa pansi suutola ngakhale ukuoneka wakufa, chifukwa njoka nayonso imagona choncho. Amene ankaseka malangizo amenewa alipo, ena a iwo lero amapereka moni ndi dzanja lamanzere. Koma mantha amateteza munthu ku zinthu zolira ndi zotentha zokha. Chimene chinawagwetsa Mama Lugano chinali chinthu chozizira, chachete, chokhala m'bokosi.

Bokosilo linali la Fundi Mwaisumo, mmisiri woyang'anira masikelo onse a pamalopo, kuyambira sikelo yaikulu ya pageti imene malole amaimapo, kufikira kakang'ono koyesera mapaketi, ndi timawotchi ta m'mapaipi tosonyeza mphamvu ya nthunzi. Munali miyala ya mkuwa yoyesera, uliwonse m'dzenje lake, pansalu yofiira. Fundi sankaigwira ndi dzanja lopanda kanthu. Ankavala magolovesi oyera, n'kuinyamula pakamutu ngati akunyamula mwanapiye. Mama Lugano, amene ankasesa m'chipinda chake, ankaganiza kuti munthuyo amanyansidwa ndi litsiro la miyalayo, chifukwa inali yakuda bii, m'makwinya mwake mobiriwira.

Mvula ya Malichi itakula, fundi anagwa panjinga yamoto nathyoka mwendo. Njinga zimenezi n'zosakhulupirika, zimakudya tsiku limene wazizolowera. Anakhala kunyumba masabata asanu ndi limodzi, ndipo ntchito yoyesa sikelo ya mapaketi m'mawa uliwonse inatsalira Sekela. Ankatenga timiyala tiwiri, n'kutiika pasikelo, n'kudina mabatani monga anamuphunzitsira fundi mpaka sikelo itagwirizana ndi miyala. Akamaliza ankabweza timiyalato, koma bokosi ankalisiya chotsegula, poti Sekela amayenda ngati mphika wapsa kwinakwake.

Sabata lachiwiri Bwana Kimaro, meneja, analengeza kuti kukubwera alendo ogula tiyi ochokera kunja, ndipo chilichonse chiwale, ngakhale msomali wa pakhoma. Mama Lugano anaima pabokosi lija nachita manyazi m'malo mwa fundi. Munthu waukhondo chotere, malaya ake osita, alendo adzapeze zinthu zake zili ngati zotola kudzala? Kwawo konse ku Kiwira kunalibe mayi wokwecha miphika kuposa iwo. Loweruka masana, anthu ataweruka, anamasula kamtolo ka phulusa la masamba a nthochi, mchenga wa kumtsinje ndi mandimu awiri, nakhala pansi n'kutambalala.

Anayamba ndi timiyala tiwiri ta Sekela, poti n'timene tinali takuda koposa. Mkuwa unatuluka wowala ngati dzuwa la m'mawa. Koma atatembenuza, pansi pa kalikonse panali kadontho kotuwa ngati zitosi zouma za mbalame. Phulusa linalephera, mchenga unalephera. Anatenga msomali nayamba kukolokota. Zotuwazo zinatuluka zofewa, tizidutswa tizidutswa, mpaka panatsala kadzenje koyera. Atazisonkhanitsa pachikhatho, anamva kulemera kwake. Litsiro sililemera chotero. Miyala inayo anangoikwecha pamwamba, pansi pake osakhudza. Tizidutswato sanatitaye, chifukwa cha pantchito suchitaya usanadziwe mwini wake. Anatiika m'bokosi la machesi, nalibisa kuseri kwa zidebe.

Lolemba lake Sekela anangoti, "Lero yasambatu," natenga timiyala take n'kuthamanga. Alendo anabwera, anamwa tiyi, anajambula zithunzi kumunda, m'chipinda cha fundi osalowamo. Palibe anayamikira, palibe anafunsa. Safunsa anadya phula, ndipo phula limakoma tsiku loyamba.

Tsono lero, patatha mwezi, wa miyeso anali m'chipinda chopakira. Fundi nayenso anali atafika m'mawa womwewo, tsiku lake loyamba, akuyendera ndodo, poti anamva kuti kukubwera boma. Mama Lugano anapeza chifukwa chosesera pafupi ndi chitseko. Malo amodzi omwewo anawasesa katatu.

Bi Mwanaidi anatola mapaketi khumi m'makatoni osiyanasiyana nawayesa limodzilimodzi pasikelo yake. Ankangolemba. Atamaliza anavula magalasi.

"Meneja, papaketi mwalemba magalamu mazana awiri ndi makumi asanu. Lililonse laperewera asanu."

"Sizingatheke, mama. Sikelo timaiyesa m'mawa uliwonse. Sekela, nena."

"M'mawa uliwonse, Mulungu mboni," anatero Sekela, mawu atachepa.

"Ndione miyala imene mumayesera."

Mnyamata wa kugeti akanatha kukatenga, koma fundi anakana. Anapita yekha ndi ndodo yake, nabwera atakolekera bokosi m'khwapa. Analiika patebulo, navala magolovesi, natsegula. Kuwala kwa mkuwa kunamumenya kumaso. Sanatembenuke kuyang'ana kuchitseko, ndipo kusatembenukako n'kumene kunauza Mama Lugano kuti wadziwa.

Bi Mwanaidi anagwira kamwala kamodzi ndi kansalu, nakatembenuza. Kenako kachiwiri.

"Fundi, chaka chatha ndinathira mtovu m'mabowo awa ndi dzanja langa, ndinadindapo chidindo cha boma. Mtovu uli kuti? Chidindo chili kuti?"

Bwana Kimaro anasuzumira, nkhope n'kusintha.

"Mwaisumo, zaka khumi ndi ziwiri bokosi ili lili m'manja mwako. Aliyense amadziwa amene amakumba mtovu pansi pa miyala. Ndi akuba a mumsika. Tiyi wotsalayo umamugulitsa kuti? Wayamba liti?"

"Miyala ndi ya m'manja mwanga, Meneja," anatero fundi pang'onopang'ono. "Chimene chaichitikira chili pamutu panga."

"Limeneli si yankho," anatero Bi Mwanaidi. Sanakweze mawu, ndipo anthu osakweza mawu ndiwo oopsa. "Kuchotsa chidindo ndi mlandu wa kukhoti. Chiphaso chanu cha ufundi ndichitenga lero, ndipo ndikachitenga simudzagwiranso sikelo m'dziko muno. Ndikupita kukayesa yaikulu ya pageti. Ikamakwana naini ya masana ndilemba kalata. Ngati muli ndi chonena, mundipeza kumeneko."

Pa kawerengedwe ka nthawi ka kuderako, naini ya masana ndi pamene dzuwa lapendeka, ana akubwera kusukulu. Mama Lugano anayang'ana mthunzi wa tanki ya madzi nawona kuti nthawi ilipo yongokwanira kudya ndi kulira pang'ono.

Pachakudya, pansi pa mtengo wa mapeyala, amayi anatsegula mbale zawo za nthochi ndi nyemba, ndipo fundi anadyedwa pamodzi ndi nthochizo.

"Njinga ija anagula bwanji? Ine ndinadabwa kale."

"Anthu a malaya osita awa, m'kati mwake muli makwinya."

"Ndiye amapemphera mokweza kutchalitchi ngati Mulungu ndi gonthi."

Mama Lugano sanadye. Sekela anasendera pafupi, nadula peyala pakati, nawapatsa theka, akulankhula osawayang'ana.

"Kutsuka munatsuka ndinu, Mama, ndikudziwa. Zinazo sindikufuna kuzidziwa. Ine sindinaone kanthu, inunso simunaone kanthu. Fundi ndi wophunzira, ali ndi abale ku Mbeya, adziwombola. Inu akakuchotsani mukasesa kuti ndi mawondo amenewa? Ine nanga, amene ndinkadina mabatani?"

"Sindinanene kanthu ine."

"Ndiye pitirizani momwemo. Idyani peyala."

Mawu a Sekela anali okoma, ndipo mawu okoma ndi amene umayenera kuwanunkhiza kaye usanameze. Mama Lugano anatenga tsache lawo napita kuchipinda cha fundi. Anamupeza atakhala, mwendo wodwala atautambasulira pampando, akuyang'ana malo amene bokosi linkakhala.

"Odi, Baba Neema," anatero, akumutchula ndi dzina la mwana wake.

"Lowani, Mama. Koma lero musasese. Fumbi la muno ndalizolowera."

Anaima pafupi ndi chitseko, kuti ngati mawu awakanika athawe msanga.

"Ndinkati mumanyansidwa nayo. Magolovesi aja."

Fundi anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Magolovesi ndi oteteza mwala kwa ine, Mama, osati ine kwa mwala. Thukuta la dzanja limadya mkuwa. Kuda kuja ndi khungu lake, ukalichotsa wachotsa mnofu. Sikelo ilibe maso, imakhulupirira mwala. Mwala ukaonda n'kumanenabe kuti ndine wathunthu, sikelo imavomera, ndipo paketi lililonse limaonda nawo."

"Magalamu asanuwo ndi ochuluka bwanji?"

"Masipuni awiri aang'ono."

"Basi? Munthu n'kumutengera kukhoti chifukwa cha masipuni awiri?"

"Masipuni awiri kwa mayi wa ku Kyela, awiri kwa wa ku Tunduma, awiri kwa wa ku Dodoma, mwezi wathunthu. Mukawaunjika ndi matumba. Wa miyesoyo sakulakwa." Anasisita bondo lake. "Cholakwa ndi changa. Zaka zonsezi mukusesa muno sindinakuuzeni. Loko wa bokosi anathyoka chaka chatha, ndinkati ndigula mawa. Pitani, Mama. Ine ndikhoza kukonza mawailesi kumsika. Musalowerere."

"Nanga Neema kusukulu akamamutcha mwana wa wakuba?"

Fundi anayang'ana kuwindo.

Mama Lugano anatuluka, napita kuseri kwa zidebe. Bokosi la machesi linali pomwepo, litanyowa pang'ono ndi chinyontho. Analimanga pamfundo ya nsalu. Anthu awiri anali atawauza kuti akhale chete, wina chifukwa cha mantha, wina chifukwa cha chifundo, ndipo akanakhala chete palibe akanawaloza chala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anadziwa kuti akadzakumana ndi fundi kumsika atakhala pakati pa mawailesi akufa, moni udzawakanika kukhosi mpaka tsiku la maliro awo.

Kuchokera kuzidebe kufika kugeti si patali, koma tsikulo njirayo inatalika. Anaima kawiri. Kachiwiri anaima pafupi ndi nyumba ya nthunzi, malo amene masiku onse ankawadutsa mothamanga, ndipo sanamve n'komwe kuti paipi ikulira.

Pageti, lole yodzaza zitsulo zoyesera inali itaima pasikelo yaikulu. Bi Mwanaidi anali m'kanyumba kowerengera, Bwana Kimaro ali pambali pake manja kumbuyo. Mama Lugano anagwada pakhomo.

"Shikamoo, mama," anatero wa miyeso, kupereka moni waulemu wa akuluakulu poti anali wamng'ono kwa iwo. "Dzukani, pansipo pali matope."

"Marahaba, mwanangu. Ndilankhula ndili pompano."

"Mama Lugano, tili pantchito," anatero meneja. "Za tsache mawa."

"Si za tsache, Bwana. Ndi za miyala. Ndine ndinakumba."

Anamasula mfundo, napereka bokosi la machesi ndi manja awiri. Kenako anafotokoza zonse, osadumpha: alendo aja, manyazi, phulusa, mchenga wa ku Kiwira, mandimu awiri, msomali. Pa dzina la Sekela anangoti mwanayo ankachita zimene anaphunzitsidwa. Bi Mwanaidi anatsegula kabokosiko, nakhuthulira tizidutswato papepala loyera. Anatisanthula ndi nsonga ya cholembera, naima pa kachidutswa kena, nakayandikitsa kumaso.

"Theka la chidindo changa ili."

"Akumuikira kumbuyo," anatero Bwana Kimaro. "Mwaisumo wawatuma. Mayi wosadziwa kuwerenga angadziwe bwanji za mtovu?"

"N'chimene akunenacho, Meneja, kuti sankadziwa." Bi Mwanaidi anatulutsa kamwala kamodzi m'bokosi la fundi nakaika padzuwa. "Wakuba amakumba pansi, pamwamba n'kusiya pakuda kuti pasaoneke. Uyu wakwecha mozungulira, mizere yonse yaloza mbali imodzi. Ndinaona m'mawa muja, koma sindilemba zimene ndikuganiza, ndimalemba zimene ndayesa. Tiyeni."

Anabwerera kuchipinda chopakira, wa miyeso patsogolo, meneja pakati, Mama Lugano pambuyo. Amayi anasiya mapaketi. Wina anathamanga kukaitana fundi. Bi Mwanaidi anatulutsa sikelo yake yaing'ono ya m'galasi, nauza Sekela kuti atseke mawindo ndipo aliyense aime pomwe ali, chifukwa sikelo imeneyo imamva ndi mpweya wa munthu womwe. Anaikapo timiyala tiwiri tija. Analemba. Kenako anathirapo tizidutswa ta mtovu, akugwedeza pepala mpaka kafumbi kotsiriza katagwa. Manambala ofiira anavinavina, naima. Mama Lugano sankadziwa chimene akunena. Anayang'ana nkhope ya fundi, poti ndiyo ankatha kuiwerenga.

"Mtovu wabweza magalamu anayi ndi theka," anatero Bi Mwanaidi. "Theka linalo lapita ndi mchenga. Mama, dzanja lanu ndi lolemera. Miphika yanu imatha zaka zingati?"

"Siikhalitsa, mwanangu. Imabooka."

Sekela ndiye anayamba kuseka, atatseka pakamwa ndi fulakosi yake ya tiyi, kenako chipinda chonse. Bi Mwanaidi sanaseke, koma anavala magalasi mofulumira.

Analemba nthawi yaitali. Atamaliza anawerenga mokweza kuti onse amve. Miyala yonse aitenga kupita nayo ku Mbeya kukaikonza ndi kuidindanso. Sikelo ya mapaketi waimanga, isagwire ntchito mpaka atabweranso Lachinayi ndi miyala ina. Makatoni onse a mwezi umenewo, a m'nyumba yosungira ndi amene angabwezedwe kumashopu, atsegulidwe, paketi lililonse lidzazidwe. Fundi Mwaisumo walandira chenjezo chifukwa chosiya miyala m'bokosi lopanda loko.

"Nanga chiphaso?" anafunsa fundi.

"Chili m'thumba mwanu. Ine sindinachigwire."

Fundi anakhala pansi pakatoni, nagoneka ndodo yake pamiyendo. Amayi amene anamudya ndi nthochi masana aja anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

Panatsala kuti Mama Lugano adinde chala pansi pa mawu awo. Pepala limene sukutha kuliwerenga suliikapo chala, chifukwa lero likuti miyala, mawa lidzati munda wako. Anabisa dzanja kumbuyo.

"Awerenge Baba Neema. Akati ndi zomwezo, ndidinda."

Fundi anawerenga mzere uliwonse, pang'onopang'ono, mpaka mandimu awiri aja. Anagwedeza mutu. Mama Lugano anapereka chala chachikulu, chinapakidwa inki yozizira, nadinda.

Galimoto ya boma itatuluka pageti, Bwana Kimaro anaima pakati pa chipinda, akuyang'ana makatoni ounjikana mpaka kudenga. Anapuma mozama.

"Mama Lugano, kiyi wa chipinda cha fundi."

Anamasula kiyi pachingwe cha m'khosi napereka.

"Ndikanakhala wina bwenzi mukupita kwanu lero. Koma ndine ndinati chilichonse chiwale, ndipo makatoni awa sadzitsegula okha. Kuyambira Lachinayi mukhala patebulo ili ndi sipuni mpaka paketi lotsiriza. Zinazo tidzaona mukamaliza." Anafika pachitseko, natembenukira fundi, osamuyang'ana kumaso. "Mwaisumo, mwendo ukupeza bwanji?"

"Ukuyesera, Meneja."

"Usauumirize. Galimoto ikuperekeza kunyumba."

Meneja atatuluka, Sekela anakoka mpando nauika patebulo, naupukuta ndi dzanja monyanyira.

"Mpando wanu uwu, Mama. Koma tikupempheni, sipuni tikupatsaniyo musaikweche. Ingathe tisanafike katoni yachitatu."

"Seka lero, mwana iwe. Mapaketiwa ndi angati?"

"Musafunse. Mukamva simugona."

Mama Lugano anayang'ana makatoniwo kuyambira pansi mpaka kudenga, nayesa mpando uja ndi dzanja kaye ngati uli wolimba, poti mipando ya m'fakitale imathyoka ndi munthu wosalakwa. Kenako anakhalapo.